Kukonza kachipewa ka pakati pa sipika ya ampulifaya ya gitala

Aliyense amene amasunga zida za bandi kapena za kwaya mumzinda wa Blantyre amadziwa mmene ampulifaya imavutikira pa ulendo wochokera ku Chilomoni kupita ku ukwati wa ku Bangwe. Imakwezedwa kumbuyo kwa galimoto, pambali pake n'kuponyapo miyendo ya ng'oma ndi zoimikira maikolofoni, ndipo pomafika kumalo a mwambo chitsulo china chimakhala chitaboola nsalu ya kutsogolo n'kukagunda pakati penipeni pa sipika. Nthawi zina si ulendo ayi, koma mwana amene waona kanthu kotukuka ngati theka la dzira n'kufuna kudziwa chimene chingachitike akakadinikiza ndi chala. Chimene chawonongeka pamenepo ndi kachipewa kamene amisiri a mawailesi amakatchula kuti dust cap, ndipo munthu wodekha manja akhoza kukakonza yekha kunyumba kwake.

Kuti ntchitoyi iyende bwino, m'pofunika kudziwa kaye chimene kachipewako kamabisa. Mbali yaikulu ya sipika ndi koni, pepala lolimba lija looneka ngati fanelo. Pakhosi pa koni panamatidwa kachubu kokulungidwa ndi waya wowonda kwambiri, kamene timati koyilo, ndipo koyiloyo imalowa ndi kutuluka m'kampata kozungulira ka mkati mwa maginito pamene sipika ikulira. Mu sipika zambiri za gitala za mainchesi 12, monga za mtundu wa G12 za kampani ya Celestion ya ku England, koyilo ndi ya mamilimita 44 m'mimba mwake, koma danga limene latsala pakati pa koyilo ndi chitsulo cha maginito silikwana n'komwe milimita imodzi. Ntchito ya kachipewa ndi kutseka pakamwa pa kampata kameneka kuti fumbi, mchenga, mphemvu, makamakanso tizidutswa ta chitsulo, zisalowemo. Choncho kubonyoka kwa kachipewa n'konyansa m'maso chabe, pamene kubooka kwake ndiko kumapha sipika pang'onopang'ono, chifukwa kadutswa ka chitsulo kakangolowa maginito amakagwira osakataya, ndipo kamakhala kakupala koyilo mpaka waya kuduka.

Musanakhudze chilichonse

Zulani pulagi ku khoma, musangokhutira ndi kuzimitsa pa switchi. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo ngati ampulifaya yanu ndi ya mavalavu, timababu tagalasi tokuzira mawu, monga zambiri zakale za Fender, Marshall ndi Vox, mkati mwake mumatha kuyenda mavoti oposa 400, amene makapasita, tizida tosunga magetsi, amatha kuwasunga ngakhale pulagi itazulidwa. Ntchito imene tikukambayi sifuna kuti mutsegule bokosi lachitsulo la zamagetsi, choncho lisiyeni lotseka ndipo musapisemo dzanja. Ampulifaya ya mavalavu musaiyatsenso sipika itachotsedwa, chifukwa kutero kungathe kuwononga thiransifoma imene imapereka mawu ku sipika.

Kenako fufuzani ngati vuto lili pa kachipewa pokha. Ikani nsonga za zala zanu zisanu pa koni mozungulira kachipewako, mofanana mbali zonse, ndipo mukankhire mkati pang'ono n'kusiya, khutu lanu lili pafupi. Koni yabwino imapita ndi kubwerera mwakachetechete. Mukamva kukwecha ngati mpeni ukunoledwa pamwala, ndiye kuti m'kampata mwalowa kale zinyalala, kapena koyilo inapsa n'kufufuma. Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, chotsani waya mmodzi ku sipika n'kuyeza pa timiyendo take tiwiri. Sipika yolembedwa ma ohm 8 (muyezo wa mmene waya amakanira magetsi) imaonetsa pakati pa 6 ndi 7, ya ma ohm 16 imaonetsa cha m'ma 12 kapena 13, ndipo ya ma ohm 4 imaonetsa 3 ndi kanthu. Kutsika kotereku n'kwachibadwa, kusakudetseni nkhawa. Koma mita ikakhala chete osaonetsa kanthu, waya wa koyilo unaduka, ndipo kachipewa katsopano sikangadzutse sipika yotero. Amene alibe mita atenge batire ya tochi ya mavoti 1.5 ndi timawaya tiwiri, agunditse ku timiyendo ta sipika kamphindi kochepa chabe. Sipika yamoyo imati phu, koni n'kusuntha.

Kutulutsa sipika ndi kukonza malo

Jambulani mawaya ndi foni musanawazule kuti mudzakumbukire umene unali pa chizindikiro cha + ndi umene unali pa chinzake. Mukatero gonekani bokosi pa mphasa n'kumasula zomangira modumphitsa, china cha uku kenako choyang'anana nacho, kwinaku dzanja lina likuchirikiza maginito, chifukwa sipika ya mainchesi 12 imalemera makilogalamu 3 mpaka 5 ndipo kulemera konseko kuli kumbuyo. Ngati inamangidwa kuchokera kumbuyo kwa thabwa, mabawuti ake amatsala atatuluka ngati minga, motero muikoke molunjika kuti asabowole m'mphepete mwa koni. Gwirani sikuludiraiva mwamphamvu. Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa tsiku lina ndikuthamangira kukonza ampulifaya ya kutchalitchi kwathu Loweruka madzulo: maginito anandilanda sikuludiraiva m'manja, nayo n'kukang'amba koni imene inalibe vuto lililonse, ndipo ntchito ya ola limodzi inasanduka ya sabata yathunthu.

Malo ogwirira ntchito akhale aukhondo kuposa mmene mungaganizire. Tebulo limene munapalirapo chitsulo kapena kutsukirapo mapoto ndi sitiliwulu silingathandize, ndipo ngati mumakhala moyandikana ndi owotcherera zitsulo, monga zilili m'madera ambiri a ku Ndirande ndi ku Chirimba, loŵani m'nyumba n'kutseka mawindo, popeza fumbi la pamalo otere limakhala losakanikirana ndi chitsulo chopera. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene mphepo imanyamula fumbi tsiku lonse, ndi bwino kuwaza madzi pansi musanayambe. Yalani chitenje chochapa patebulo, ikani sipika chagada, ndipo misomali, mapini ndi malezala zikhale patali ndi maginito.

Kachipewa kobonyoka koma kosabooka

Maganizo anga pa kachipewa kotere ndi oti ngati sipika ikulira bwino ndipo palibe pong'ambika, kusakakhudza n'komwe si ulesi. Tizipewa tambiri tawonongeka m'manja mwa anthu amene ankangofuna kuti tioneke bwino kuseri kwa nsalu kumene palibe amene amayang'anako. Komabe pali nthawi imene kubonyoka kumapangitsa kuti kachipewa kazinjenjemera pa mawu ena, kapena mwini wake akufuna kugulitsa ampulifayayo, ndipo zikatero yambani ndi njira yofatsa kwambiri.

Dulani kachidutswa ka tepi yapepala, ija amagwiritsa ntchito openta nyumba, mukamate pakati pa chibonyocho posisita ndi kumbuyo kwa pensulo, ndipo mukoke pang'onopang'ono molunjika, dzanja lina litagwira koni kuti isatsatire. Musathothole ngati mukuchotsa pulasitala pachilonda. Bwerezani kangapo, kuyambira m'mphepete mwa chibonyo kulowera pakati. Tepi yakuda ya magetsi ndi tepi yomangira makatoni zimamata mopitirira muyezo ndipo zimasenda khungu la pepala. Tepi ikakanika, tengani kachubu kakatoni ka mkati mwa pepala la kuchimbudzi, mukavundikire pa kachipewa kuti mpweya usatulukire m'mbali, n'kuyamwa ndi pakamwa mwachidule. Njira imeneyi imaoneka yoseketsa koma imagwira ntchito pa tizipewa tapepala, makamaka mukayamba mwanyowetsa chibonyocho pang'ono ndi thonje loviika m'madzi n'kufinya kwambiri, kuti pepala lifewe. Madzi asayenderere kupita ku koni kapena ku guluu wa m'mphepete. Pa tizipewa tansalu kuyamwa sikuthandiza, chifukwa mpweya umangodutsa.

Njira yomaliza ndi ya singano. Pindani nsonga yake pang'ono ngati mbedza, muibaye pamalo ozama kwambiri a chibonyo osailowetsa kupitirira mamilimita 2 kapena 3, n'kukweza pang'onopang'ono. Chibonyo chikadzuka, tsekani kabowo kalikonse ndi kadontho ka guluu woyera wa matabwa pogwiritsa ntchito kamtengo ka machesi. Kabowo kosatsekedwa n'koipa kuposa chibonyo chimene munayamba nacho. Tizipewa ta aluminiyamu, monga tasiliva tija ta pa ampulifaya ya Roland JC-120 kapena ta pa sipika zakale za JBL D120F, sitibwerera mwakale tikapindika, ndipo mzere wa popindikapo umatha kusweka m'kupita kwa nthawi n'kumalira ngati njuchi. Totere n'kungotisiya kapena kutisintha.

Kachipewa kong'ambika kapena komatuka

Ngati kang'ambika pang'ono, kosapitirira masentimita 2, chigamba chimakwanira. Tsegulani kathumba ka masamba a tiyi kosagwiritsa ntchito, khuthulani masambawo, ndipo pepala lakelo, lomwe ndi lopepuka koma lolimba, ling'ambeni ndi zala m'malo modula ndi sizasi, chifukwa m'mphepete mong'amba mumagona bwino pa pepala linzake. Sakanizani guluu woyera wa matabwa ndi madzi pang'ono mpaka afanane ndi phala lamadzimadzi la mwana wakhanda. Lumikizani milomo ya pong'ambikapo mothandizidwa ndi singano, pakani guluu wochepa ndi kaburashi kakang'ono, yalani chigamba, n'kupakanso pamwamba pake mpaka chinyowe chonse. Ngati kachipewa kangomatuka mbali imodzi ya m'mphepete, lowetsani guluu woyera wosasakaniza ndi madzi pansi pa mlomo wake ndi kamtengo ka machesi n'kutsindira mpaka agwire.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa posankha guluu. Supaguluu ndi amene amapezeka pa okala iliyonse, koma amauma gwa ngati galasi, salola pepala kupindika, ndipo chifukwa ndi wamadzimadzi amatha kuyenderera mpaka m'kampata n'kumata koyilo ku maginito. Guluu wa kandulo wosungunula ndi moto komanso silikoni wa mawindo ndi zolemera kwambiri. Kulemera kulikonse kumene mwawonjezera pakati pa koni kumadya mawu ang'onoang'ono akuthwa aja amene amapangitsa gitala kumveka pamwamba pa kiyibodi ndi ng'oma.

Kusintha kachipewa konse

Kachipewa kakaphwanyika moti chigamba sichingathandize, kapena ngati munamva kukwecha ndipo mukufuna kuyeretsa m'kampata, kayenera kuchoka. Pezani kaye katsopano musanadule kakale. Yezani ndi rula m'mimba mwa kakaleko kuphatikizapo mlomo wake womatidwa, ndipo mufune kokulirapo ndi mamilimita 5 mpaka 10, kuti kakagone pa pepala loyera la koni kunja kwa guluu wakale. Amisiri okonza mawailesi ndi sipika m'misika ya ku Limbe, Ndirande ndi Blantyre kawirikawiri amakhala ndi sipika zakufa zimene tizipewa take tili bwinobwino, ndipo ena amasunga tatsopano tochokera kunja. Pitani ndi muyezo wanu papepala. Yesetsani kupeza ka mtundu womwewo, kapepala m'malo mwa kapepala, kansalu m'malo mwa kansalu. Chifukwa chake n'chakuti kachipewa kansalu kamalola mpweya wa pansi pake kupuma, ndipo sipika imene ilibe bowo kumbuyo kwa maginito ikavekedwa kachipewa kosapuma mamvekedwe ake amatha kusintha. Zikavuta, kansalu mukhoza kukapanga nokha: viikani kansalu kathonje kopyapyala m'guluu woyera wosakaniza ndi madzi uja, kavundikireni kumbuyo kwa kambale kozungulira kokutidwa ndi pulasitiki, kaume tsiku lathunthu, kenako mudule mozungulira n'kusiya mlomo wa mamilimita 3 kapena 4. Matako a botolo lapulasitiki kapena chivindikiro cha chitini, zimene ndinazionapo zitamatidwa pa sipika zina, zimalemera ndipo zimachita phokoso.

Musanadule, yang'anitsitsani pa koni pafupi ndi kachipewa. Mudzaona timizere tiwiri totukuka tokutidwa ndi guluu wakuda, tochokera pansi pa kachipewa n'kukwera pang'ono pa koni. Amenewo ndi mawaya a koyilo, owonda ngati tsitsi, ndipo lezala likadutsapo sipika yatha. Alembeni chizindikiro ndi choko. Imikani sipika chammbali motsamira pang'ono kutsogolo, munthu wina akugwirireni, kuti zinyenyeswa zizigwera panja osati m'kampata. Ndi lezala latsopano, bayani pakati pa kachipewa, dulani molowera m'mphepete, kenako muzungulire n'kusiya kamlomo ka mamilimita 2 kapena 3 pamodzi ndi guluu wakale. Lezala likhale lopendekera mkati, lisaloze pa koni, ndipo kumbukirani kuti pansi pa kachipewa pali chitsulo cha maginito chimene chizilikoka. Pamene pali mawaya aja dulani patali ndithu, ngakhale patsale kachidutswa kooneka moipa, popeza katsopano kadzakaphimba. Musayese kupala guluu wakale, chifukwa amachoka ndi khungu la koni.

Tsopano kampata kali poyera, ndipo gawo limeneli ndi limene likufuna kuleza mtima kwanu konse. Walitsani tochi ya foni n'kuyang'ana mozungulira pakati pa kachubu ka koyilo ndi chitsulo cha pakati. Dulani kakhadi kopyapyala, monga kaja ka mayunitsi a foni, kuti kakhale kotambalala sentimita imodzi, kakulungeni ndi tepi yapepala mbali yomata ili kunja, ndipo mukalowetse m'kampatako mofatsa n'kukayendetsa mozungulira. Mukakatulutsa mudzaona timadontho takuda tonyezimira tatsalira pa tepi. Sinthani tepi n'kubwereza mpaka ituluke yoyera kawiri motsatizana. Ngati kakhadi kakukana kulowa, musakakamize, chepetsani tepi kapena pezani kopyapyala kuposa apo. Musauzire ndi pakamwa, chifukwa mpweya umakankhira zinyalala pansi pomwe simungazifikire ndipo umasiya chinyezi chimene chimabweretsa dzimbiri. Musathiremo mafuta a mtundu uliwonse. Mukamaliza kankhaninso koni ndi zala zisanu zija. Kukwecha kukatha, pitirizani. Kukapitirira pambuyo poyeretsa bwino, vuto ndi koyilo yopsa kapena yopindika, ndipo sipikayo ikufunika mmisiri woti aike koni ndi koyilo zatsopano. Pa sipika za Peavey za mtundu wa Black Widow ndi Scorpion zinthu n'zosavuta, chifukwa maginito ake amamasulidwa ndi mabawuti ndipo mbali yonse ya kutsogolo imagulidwa payokha.

Gonekaninso sipika chagada, ikani kachipewa katsopano popanda guluu, kasunthireni mpaka kakhale pakati penipeni, ndipo mulembe mzere wozungulira ndi pensulo yofewa osadinikiza. Chotsani kachipewa, pakani mzere wowonda wa guluu woyera wosasakaniza ndi madzi mkati mwa pensuloyo, wosadukiza paliponse, wonenepa ngati kamtengo ka machesi. Guluu akachuluka amatsetsereka kulowera kukhosi kwa koni, kumene kuli kampata kamene mwangoyeretsa kumene. Pogwirira kachipewa, matani kachingwe ka tepi pamwamba pake, mukatsitse molunjika pa mzere, n'kutsindira mlomo wake mozungulira ndi kumbuyo kwa kaburashi. Pamwamba vundikirani kapu yapulasitiki kapena yagalasi yopepuka imene mlomo wake ukugona pa mlomo wa kachipewa, osati pa nsonga yake. Kapu yachitsulo siyoyenera, ndipo chotsindiracho chisalemere mpaka kumiza koni.

Siyani maola 24. M'nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, pamene Blantyre imakutidwa ndi nkhungu ndi mvula yowaza, guluu woyera amachedwa kuuma, choncho dikirani maola 48. Musaike sipika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula pofuna kufulumizitsa, chifukwa pepala la koni limapindika. Guluu akauma, chotsani kapu ndi tepi, ndipo muzungulize kamzere kena kowonda pamene mlomo wa kachipewa wakumana ndi koni kuti pasatsale mpata. Kameneka nako kaume usiku wonse. Wofuna kuti chigamba kapena guluu zisaoneke akhoza kudetsa ndi cholembera chakuda cha maka, koma penti ayi.

Kubwezera ndi kuyesa

Bwezerani sipika m'bokosi n'kumanga zomangira modumphitsa monga munachitira pomasula, chilichonse pang'onopang'ono mpaka zonse zigwire mofanana. Kumanga mwamphamvu mbali imodzi kumapotoza chitsulo cha sipika, ndipo koyilo imayambanso kukwecha ngakhale m'kampata muli moyera. Lumikizani mawaya motsatira chithunzi chija. Izi n'zofunika kwambiri m'bokosi la sipika ziwiri kapena zinayi, chifukwa imodzi ikalumikizidwa mosemphanitsa imakankha pamene zinzake zikukoka, ndipo mawu abesi amazimirira. Mukakayika, batire ija ikuthandizani: mbali ya + ya batire ikagunda kamwendo ka + ka sipika, koni za sipika zambiri zimatulukira kunja, ndipo chofunika n'chakuti zonse za m'bokosi limodzi zisunthire mbali imodzi.

Yatsani ampulifaya voliyumu ili pansi, popanda zokometsera mawu zilizonse, ndipo muimbe nsambo yaikulu ya gitala yokha, kukwera kampata ka pakhosi la gitala kamodzikamodzi mpaka pakati pa khosilo, chifukwa mawu otsika ndiwo amagwedeza koni kwambiri. Kwezani voliyumu pang'onopang'ono. Mukamva kulira ngati kwa njuchi pa mawu ena, gunditsani chala mopepuka m'mphepete mwa kachipewa uku mawuwo akulira. Pamene kulirako kwasiya mutagunda ndi pamene guluu sanagwire, ndipo kadontho kamodzi kolowetsa ndi kamtengo ka machesi kamathetsa vutolo. Kukapanda kusiya paliponse, gwirani nsalu ya kutsogolo, chogwirira cha pamwamba ndi thabwa la kumbuyo chimodzichimodzi, popeza kawirikawiri chimene chikulira ndi chomangira cha bokosi chimene chamasuka. Nsalu imene inabooka ija isokeni kapena muisinthe musanatulukenso ndi ampulifaya, ndipo pokweza m'galimoto muziyang'anitsa nkhope yake ku khoma la galimotoyo kapena kumangirira kathabwa kopyapyala kutsogolo kwake, miyendo ya ng'oma ikhale m'thumba lakelake.